Wandikana Kamera Ikuona

Tsiku limene anakumana, Paudala sanagwe m'chikondi ayi. Anapsa mtima.

Anali atayala kale zida zake patebulo la m'kachipinda kodzolera, kuseri kwa situdiyo ya wailesi ya kanema: mabulashi, thonje, timabotolo, ndi chitini cha paudala chimene chinamupatsa dzina limene aliyense pantchitopo ankamuitanira. Mlendo wa pulogalamu ya macheza anali atachedwa, ndipo mkulu wa pulogalamuyo ankangosuzumira pakhomo uku akuloza wotchi, ngati kuti wochedwayo wamubisa ndi Paudala.

Kenaka kunja kunamveka phokoso. Alonda, osesa, ngakhale amayi a pa telefoni, onse anasiya ntchito.

"Mkamwini! Mkamwini wafika!"

Ndani sankamudziwa? Anali katswiri wa sewero lotchuka la pa kanema, momwe ankakhala mkamwini wofatsa wozunzika ndi apongozi olongolola. Dzina lake lenileni linali litafera pa chiphaso. Aliyense ankangoti Mkamwini, ndipo azimayi ambiri, kuphatikizapo amayi ake a Paudala, ankalumbira kuti mwana wotere akanakwatira pakhomo pawo bwenzi akugona tulo.

Analowa akumwetulira, akugwedeza mkono uku ndi uku. Koma chitseko chitangotsekeka, kumwetulira konse kuja kunazima ngati nyali yothera mafuta. Anadziponya pampando, thukuta lili kamukamu.

"Pepani achemwali, ndachedwa."

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha Paudala. "Dzutsani mutu."

Anamupukuta pamphumi, n'kumupaka. Asanafike n'kumasaya komwe, thukuta linali litatulukanso.

"Kodi mwachita kuthamanga kuchokera kwanu?"

"Ayi, ndabwera pa galimoto. Ndi mantha awa."

"Mantha? Inuyo, woonekera pa kanema sabata ndi sabata?"

"Kusewero amachita kundilembera zonena," anatero Mkamwini motsitsa mawu. Kenaka analoza chitseko cha situdiyo. "Koma umo amafuna mawu angaanga. Ndipo angawo akangoona kamera amathawa, n'kundisiya ndekha."

Paudala anayesa kudzigwira, koma chiseko chinamupulumuka. Mkwiyo unathera pomwepo.

Pulogalamu itayamba, anaima kuseri kwa makamera, bulashi ili m'manja, ndipo zimene anaona zinamusiya kukamwa kuli yasa. Munthu wonjenjemera uja anali atasanduka wina! Anapinda mwendo, kuseka pofunika kuseka, kugwira pamtima potchula omuonera. Woyendetsa pulogalamuyo, mayi wa lilime lakuthwa amene anthu anamutcha Mayi Mafunso, anamuzungulira ngati mphamba pa anapiye.

"Tiuzeni Mkamwini, mtimawu uli ndi mwini wake?"

"Mayi, ine ndinakwatira ntchito yanga. Ndipo ndi mkazi wansanje, safuna mnzake."

Situdiyo yonse inafa nacho chiseko.

"Mumanama bwino bwanji!" anatero Paudala pambuyo pake, akumuchotsa zodzola.

"Si bodza limenelo, ndi ambulera. Mafunso akamagwa ngati mvula, munthu umafunda." Anamuyang'ana pagalasi. "Nanga tsiku lina ndikadzafuna wondipukuta thukuta, ndidzaimbe nambala iti?"

"Mudzagule kampango kopukutira. N'kotchipa."

Anatero inde. Koma nambala anapereka.

M'mawa mwake foni inalira ali m'basi.

"Mwadzuka bwanji a Paudala? Nkhope yanga lero ikuwala, koma mtima ndiye ukuwala koposa."

"Mawu amenewa wakulemberani ndani?" anayankha.

"Ndalemba ndekha. N'chifukwa chake ndi oipa chonchi."

Paudala anaseka mpaka bambo amene anakhala naye pafupi anasuntha.

Kuyambira pamenepo mauthenga sanaleke. "Inu" anasanduka "iwe" osadziwa kuti zachitika liti. M'mawa kunali "duwa langa", masana "wapamtima", ndipo Paudala akachedwa kuyankha kunkabwera "Chiphadzuwa, kodi wandiiwala ndili moyo?" Iye ankangomutcha "wamantha wanga", ndipo Mkamwini ankati palibe mphoto imene analandirapo yoposa dzina limenelo.

Koma kukondana ndi munthu wa anthu si masewera. Akati alowe m'sitolo, wina ankafuna chithunzi. Akati akhale m'lesitilanti, woperekera chakudya ankaimbira achibale ake onse. Mapeto ake malo awo anali m'galimoto, pansi pa mtengo kuseri kwa bwalo la mpira, tchipisi zili pakati. M'menemo ndimo Paudala ankasandutsa bulashi yake kukhala maikolofoni.

"Bwana Mkamwini, anthu akuti mumaliza mkonono. Mukutipo bwanji?"

"Choyamba ndithokoze onse amene amationera..."

"Yankha funso, iwe!"

"Ndiye luso lake limenelo, dalo," ankatero akuseka. "Tamvera ndikuphunzitse. Akakufunsa chimene sukufuna, uyankhe funso limene ukanakonda kuti akufunse. Ukasowa chonena, uthokoze okuonera. Ukapsa mtima, imwa madzi. Ndipo usamathamange ukaona mtolankhani, galu amathamangitsa wothawa."

"Nanga akadzakufunsa za ine?"

Mkamwini anasiya kutafuna. Anamugwira dzanja.

"Ndikulonjeza, duwa langa. Tsiku limenelo sindidzafunda ambulera. Ndidzanyowa."

Kodi ndi mtsikana uti amene sakanakhulupirira?

Panali munthu mmodzi yekha amene chikondichi chinkamuwawa: manijala wa Mkamwini, bambo wa mafoni awiri ndi nsapato zosongoka. Iyeyu ndi amene ankathirira mphekesera yoti Mkamwini ali pachibwenzi ndi mtsikana amene ankasewera ngati mkazi wake. Kampani ina ya sopo inali itaika nkhope za awiriwo pa zikwangwani m'misewu yonse.

"Anthu sagula sopo, amagula maloto," ankatero manijala. "Osawadzutsa."

Koma kubisala kuli ndi malire. Loweruka lina, akutuluka m'sitolo, wina anawajambula mwakabisira. Pachithunzipo Mkamwini anali atanyamula chikwama cha Paudala, akumuyang'ana ndi maso osafuna womasulira. Nkhope ya Paudala inkaoneka mbali imodzi yokha. Dzuwa lisanalowe, chithunzicho chinali m'foni ya aliyense.

"Ameneyu ndiye ndani?"

"Mkamwini wathu watsika chonchi?"

"Akubera mwana wa eni mwamuna, mfiti!"

Paudala anawerenga pang'ono, kenaka anazimitsa foni. Ataiyatsa anapeza uthenga: "Usaope wapamtima. Lachisanu ndili kwa Mayi Mafunso. Zonse ndikonza."

Lachisanulo Mkamwini sanabwere yekha m'kachipinda kodzolera. Manijala anakhala naye pafupi nthawi yonse, akumunong'oneza kukhutu. Paudala anagwira ntchito yake mwakachetechete. Maso awo atakumana pagalasi, Mkamwini anayang'ana pansi.

Mayi Mafunso sanachedwe n'komwe. Chithunzi chija chinaonekera pa chikanema chachikulu kumbuyo kwawo.

"Mkamwini, dziko likufuna kudziwa. Ndani uyu?"

Kuseri kwa makamera, Paudala anafinya bulashi. Nthawi ija ndi imeneyi!

Mkamwini anatenga tambula, n'kumwa madzi. Anapinda mwendo. Anaseka.

"Aaa, ameneyo? Ndi mtsikana wa konkuno, amatipaka paudala. Ndinangokumana naye atalemedwa, ndiye ndinamunyamulira. Paja Mkamwini ndi waulemu, kapena mwaiwala?"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Wojambula wina anacheuka n'kumuyang'ana Paudala, kenaka anachotsa maso msanga.

Mtsikana wa konkuno! Amatipaka paudala! Duwa lija lafota liti? Wapamtima uja wapita kuti?

"Tipume kaye, timve malonda," anatero Mayi Mafunso.

"Paudala!" anakuwa mkulu wa pulogalamu. "Mlendo akuwala pamphumi, fulumira!"

Koma ntchito ndi ntchito. Anayenda pansi pa magetsi owala aja, n'kuima pamaso pa munthu amene wangomukana kumene.

"Wokondedwa," ananong'ona Mkamwini, "ndikufotokozera..."

"Musagwedezeke, bwana," anatero Paudala mokweza, mawu ali zii. "Mungadetse kolala."

Anamupaka bwinobwino, mbali zonse, osalakwitsa. Misozi anaisunga mpaka pa siteji ya basi.

Kunyumba anapeza amayi ake atakhala pakhonde, akusoka batani.

"Bwera kuno, mwanawe. Mtsikana wa pachithunzi uja ndiwe."

"Amayi, mwadziwa bwanji?"

"Bulauzi ija ndi yanga! Unabwereka mwezi watha, mpaka lero sunabweze."

Paudala anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Anagwera pamiyendo ya amayi ake ngati kamwana.

"Wandikana, amayi! Wandikana kamera ikuona, ine nditaima pomwepo!"

"Lira, mwanangu, misozi siipha munthu," anatero amayi akumusisita kumsana. "Koma kuyambira lero, m'nyumba muno sewero limene lija lisadzaonekenso. Ndalumbira!"

Lumbirolo analisunga ndithu. Kungoti nthawi ya sewero ikakwana, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mawu ndi aneba.

Mauthenga ankabwera ngati mvula. "Duwa langa, ndiyankhe." "Ndalakwa, ndine chitsiru." "Chakudya sichikulowa." Paudala ankawerenga onse, ena kawiri, koma sanayankhe ngakhale umodzi. Kuntchito anzake ankamuyendera chapatali ngati wofedwa. Iye ankangogwira ntchito yake, kupaka nkhope za alendo, kumwetulira pofunika kumwetulira. Anadabwa kuona kuti nayenso luso lija analiphunzira.

Lamlungu lina masana kunamveka kugogoda. Amayi atatsegula anapeza mnyamata wa chipewa ndi magalasi akuda, ataima ngati wobwereka mchere.

"Odi, amayi."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pa kanema mumaoneka wamtali," anatero. "Vulani magalasiwo, muno mulibe atolankhani. Lowani."

Anamukhazika pampando wolimba uja, osati wa khushoni.

"Bambo, ine ndinkakukondani. Apongozi anu a m'sewero akamakuzunzani ndinkalira nanu. Sindinkadziwa kuti mwina amakhala ndi zifukwa."

"Ndalakwa, amayi."

"Musauze ine. Mwini wake ndi uyo."

Paudala anali ataima pakhomo la kuchipinda, manja atapinda pachifuwa. Amayi anatuluka, koma sanapite patali. Tsache linkamveka likusesa malo amodzimodzi pansi pa windo.

"Ndinachita mantha, wapamtima," anayamba Mkamwini. "Unaona mmene anakutukwanira ndi theka la nkhope lokha. Ndinati ndikavomera akudya wamoyo. Ndiye manijala naye, za sopo zija..."

"Ndiye unandiopera ine, kapena unaopera sopo?"



"Zonse ziwiri," anatero Mkamwini. "Sindikunamiza."

"Bola pamenepo wayankha funso limene ndakufunsa." Paudala anakhala pansi. "Tamvera. Ine sindinakupemphepo kuti undikweze pa chikwangwani. Kutchukako ndi kwako, ine sindikufuna. Ukanati, 'Zimenezo ndi za kumtima kwanga, sindiyankha,' bwenzi ndikukuombera m'manja. Kubisa ndi kwina, kukana ndi kwina. Munthu amabisa chimene akuchikonda. Amakana chimene chikumuchititsa manyazi."

"Sundichititsa manyazi, Mulungu akuona!"

"Mulungu anaona, inde. Ndi dziko lonse linaonanso. Pita bwino."

Anatuluka mutu uli pansi. Paudala anamva galimoto ikulira, ikuchoka, ndipo anadziluma mlomo kuti asathamangire kumsewu.

Sabata yotsatira, atayang'ana dzina la mlendo wa Lachisanu, anaona kuti ndi yemwe uja. Akuti anachita kupempha yekha. Kodi akufunanso chiyani? Sanakhutire?

Anayala zida zake, mtima atauumitsa. Koma Mkamwini atafika anangoima pakhomo, osalowa.

"Lero musavutike, achemwali. Ndilowa ndi nkhope yangayi."

Magetsi atayaka, mphumi yake inkawala ngati mbale yotsukidwa kumene. Sanapinde mwendo. Tambula ya madzi sanaikhudze.

"Mwabweranso msanga, Mkamwini," anatero Mayi Mafunso. "Mwatitengera chiyani?"

"Mayi, nda... ndabwera kudzabweza mawu." Anachita chibwibwi, thukuta likutsikira m'khosi. "Tsiku lija ndinanama pampando uno. Mtsikana wa pachithunzi uja si kuti ndinangokumana naye. Ndimamukonda. Ndinamulonjeza kuti sindidzamukana, ndiye ndinamukana, inu mukuseka, iye akumva."

Kumbali, manijala anagwira mutu ndi manja onse awiri, mafoni ali momwemo.

Maso a Mayi Mafunso anawala ngati a mphaka woona mkaka.

"Nanga mkazi wanu wa m'sewero?"

"Ndi mlongo wanga pantchito, basi. Ali ndi wake, munthu wabwino, amene wapirira mabodza athuwa nthawi yaitali. Ndalankhula nawo onse awiri ndisanabwere."

"Ndiye mwayi wake ndi uno! Mtsikanayo ali muno. Kamera, tamupezeni! Abwere kuno dziko limuone!"

"Ayi!" Mkamwini anaimirira, n'kutchinga kamera ndi dzanja. "Wotchuka ndine, wolakwa ndine. Funsani ine chilichonse, mpaka mawa. Koma iye musiyeni. Sanasankhe ntchito yanga, anangosankha ine. Ndipo panopa sindikudziwa n'komwe ngati akundifunabe."

"Akakukanani?"

"Adzakhala atachita bwino. Koma ine ndiye sindidzachira."

Paudala sanamve zotsalazo. Anathawira m'kachipinda kake, n'kukhala pampando wa alendo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mawu oipa bwanji, opanda luso, odukaduka! Koma anali ake. Palibe anamulembera.

Foni yake inanjenjemera. Anali amayi: "Ndaonera kwa aneba mwangozi. Mwana uja wawonda. Muganizire."

Madzulo akuweruka anapeza atolankhani atadzaza pageti. Mtima unati thawa, koma miyendo inakumbukira phunziro. Anayenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba.

"Achemwali, mwamukhululukira?"

"Ukwati uliko liti?"

"Choyamba," anatero Paudala akumwetulira, "ndithokoze onse amene amationera."

Anadutsa pakati pawo n'kukakwera basi, iwo akuyang'anana.

Zotsatira zake sizinali zokoma zokhazokha. A sopo anatsitsa zikwangwani zawo. Manijala ananyanyala, ngakhale anabwerera yekha ataona kuti sewero likuonedwa kuposa kale. Pa mafoni ena ankanyoza thukuta lija, ena ankati mwamuna weniweni ndi ameneyo. Sipanapite nthawi, woimba wina anamenyana ndi womujambula, ndipo dziko lonse linasamukira kumeneko.

Paudala sanafulumire. Anamusiya Mkamwini adzikazinge kaye ndi mafuta ake omwe. Kenaka m'mawa wina, ali m'basi, analemba uthenga wake woyamba kuchokera tsiku lija anamukana.

"Wadzuka bwanji, wamantha wanga? Unkaoneka moipa pa kanema."

Yankho linafika asanabweze n'komwe foni m'chikwama.

"Ndadzuka tsopano, duwa langa. Masiku onsewa ndinali ndisanadzuke."

Anayambiranso, mosabisala koma mosadzionetsera. Ofuna zithunzi ankajambula Mkamwini, Paudala ataima pambali akudya ayisikilimu wake mwamtendere. Atolankhani akafunsa, yankho linali limodzi: "Alipo, ali bwino, ndipo zotsalazo ndi zathu."

Mvula itatha, Mkamwini anafikanso kunyumba kuja masana ena, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ulendo uno amayi anamupatsa mpando wa khushoni, koma iye anapempha kuti alankhule ndi Paudala pakhonde. Amayi analowa m'nyumba, ndipo katani ya pawindo inayamba kugwedezeka popanda mphepo.

Anagwada. Anapisa m'thumba lina, mulibe. Lina, mulibe. Mphete inapezeka m'thumba lachitatu.

"Wapamtima, ndinakonza mawu ambiri, ndawaloweza njira yonse, koma... aaa, athawa onse. Ndatsala ndi funso lokha. Kodi ungalole kukhala mkazi wanga?"

Paudala anamuyang'ana, misozi ili m'maso. Mphindi inadutsa. Mkamwini anasuntha bondo pa simenti yotentha ija.

Windo linatseguka mwamphamvu.

"Iwe, tavomera msanga!" anakuwa amayi. "Mawondo a mwana wa eni akupsa!"

"Amayi, akufunsa ine!"

"Ndiye yankha!"

Paudala anaseka, misozi ikutsika, n'kutambasula dzanja.

"Eya," anatero. "Eya, ndalola. Dzuka, anthu angakujambule."

"Ajambule," anatero Mkamwini, akumuveka mphete ija, osadzuka.